Kashembe ndi Alimi a M'mphepete mwa Nkhalango

Chaka ndi chaka, pamene dzuwa la Okutobala layamba kuswa mtengo, alimi a m'dziko muno amatuluka ndi makasu awo kukasosa ndi kuunda mizere poyembekezera mvula yoyamba. Kwa ambiri a ife adani a nyengo imeneyi ndiwo kutentha ndi ludzu basi. Koma abale athu amene minda yawo yachita malire ndi nkhalango zosungiramo nyama zakutchire, monga Vwaza ku Rumphi, ndi nkhalango za Nkhotakota, Kasungu ndi Liwonde, ali ndi mdani winanso amene amawaperekeza kumunda, kudimba, kotola nkhuni ndi kobusa ng'ombe. Mdani ameneyu ndiye kashembe, ntchentche yoluma imene ena amaitchula kuti tsetse, yofalitsa nthenda ya kaodzera.

Munthu wokhala m'tauni angathe kunena msanga kuti, “Nanga osachokako bwanji kumeneko?” Koma iye amene anakulira kumudzi adziwa kuti munda sasenza pamutu. Mlimi sangasiye nthaka ya makolo ake chifukwa cha ntchentche, ndiponso mayi sangaleke kutola nkhuni ana nagona ndi njala. Chotero funso limene tifuna kuyankha pa tsamba lino ndi ili: kodi munthu agwire bwanji ntchito yake pamalo pamene pali kashembe, kuti abwerere kwa ana ake ali ndi moyo?

TIYAMBE TAMDZIWA MDANIYO

Kashembe amafanana ndi ntchentche ya m'nyumba, koma ndi wokulirapo pang'ono ndipo maonekedwe ake ndi otuwa modera. Pali zizindikiro ziwiri zimene ngakhale mwana angamdziwire nazo. Choyamba, akatera amasanjikiza mapiko ake limodzi pamwamba pa linzake, monga sizasi yotseka. Chachiwiri, mlomo wake ndi wosongoka ngati singano ndipo umaloza kutsogolo. Mlomo umenewu umaboola khungu la njati, kotero kuti malaya opyapyala sali kanthu kwa iye. Pa udzudzu woluma ndi waukazi wokha, ndipo wopatsa malungo umakonda usiku. Koma pa kashembe wamwamuna ndi wamkazi yemwe amakhalira magazi okhaokha, ndipo amaluma masana, makamaka m'mawa ndi chakumadzulo dzuwa litapendeka. Dzuwa likafika paliwombo amabisala mumthunzi, pa makungwa a mitengo, kunsi kwa nthambi ndi m'ziyangoyango, ndipo m'miyezi yotentha kwambiri amalowa ngakhale m'misasa ndi m'nyumba kufuna pozizira.

Chakudya chimene amachikonda ndicho magazi a njiri, nguluwe, mbawala, njati ndi ng'ombe. Zina mwa nyama zimenezi zimasunga m'magazi mwawo tizirombo ta kaodzera popanda kudwala, ndipo kashembe akayamwa magazi otere tizirombo timakula m'thupi mwake kwa masabata angapo, kenaka amatipatsira kwa munthu kapena chiweto chimene adzachilume. Akatswiri anapeza kuti akashembe onyamula tizirombo todwalitsa munthu ndi owerengeka ndithu, osafika ngakhale mmodzi mwa 100. Ichi ndicho chifukwa chake munthu angalumidwe kambirimbiri osadwala, ndipo ichi chomwe ndicho chimapusitsa ambiri, pakuti amayamba kuyesa kashembe chinthu chongosautsa chabe. Komatu palibe munthu angasiyanitse ndi maso kashembe wa nthenda ndi wopanda nthenda.

Kaberekedwe kake ndi kodabwitsa. Kashembe wamkazi saikira mazira ochuluka monga achitira udzudzu ai. Iye amalera mphutsi imodzi yokha m'mimba mwake, naibereka patapita masiku 9 kapena 10, pa dothi lofewa la mumthunzi. Mphutsiyo imadzikwirira pomwepo, ndipo patapita pafupifupi mwezi umodzi imatuluka iri ntchentche. Motero wamkazi mmodzi amabereka ana ochepa chabe pa moyo wake wonse. Awerengi athu asunge mfundo imeneyi, pakuti apa ndi pamene pali kufooka kwa mdaniyu, monga tione kutsogoloku.

NKHONDO IMENEYI NDI YAKALE

M'zaka za m'ma 1890 mliri wa rinderpest unapha ng'ombe ndi nyama zakutchire zosawerengeka kuno kum'mawa ndi kumwera kwa Africa, ndipo kashembe, posowa chakudya, anachepa m'madera ambiri. Nyama zitayambanso kuswana, iyenso anabwerera nafalikira m'malo amene anthu anali kulima ndi kuweta. M'chaka cha 1895 dotolo wina dzina lake David Bruce, ali ku Zululand, anaonetsa kuti kashembe ndiye amanyamula nthenda yopha ng'ombe yotchedwa nagana. Mu 1910 akatswiri awiri a ku Liverpool, Stephens ndi Fantham, anazindikira kachirombo ka mtundu wa kaodzera amene tiri naye kuno, m'magazi a munthu amene anadwala atayenda m'chigwa cha Luangwa, kwa anansi athu a ku Zambia. Mu 1912 Kinghorn ndi Yorke, ali m'chigwa chomwecho, anatsimikiza kuti kashembe wa m'nkhalango zouma ngati zathuzi ndiye amakapatsira kwa anthu. Bruce mwini anadzakhala kuno ku Nyasaland pakati pa 1911 ndi 1914, kutsogolera gulu lofufuza za nthendayi.

Njira zimene boma la atsamunda linali kudziwa masiku amenewo zinali zowawa. Ena anali kunena kuti nyama zakutchire ziphedwe, ena anali kugwetsa mitengo, ndipo kwina anthu ndiwo anali kuchotsedwa. M'chaka cha 1922 midzi ya kumadzulo kwa Kasungu inasamutsidwa chifukwa cha kaodzera, ndipo dera lomwelo ndilo linadzasanduka Kasungu National Park mu 1970. M'misewu ina munali zipata pamene galimoto ndi njinga zinali kuimitsidwa kuti azichotse akashembe zisanapitirire kumidzi.

Wina asaganize kuti izi ndi nthano za makedzana. M'chaka cha 2019, pa anthu 116 amene anapezeka ndi kaodzera wa mtundu umenewu m'maiko onse, 91 anali a m'Malawi muno. Ndipo mu 2020 chiwerengero chathu chinali 89. Ambiri mwa iwo anali ochokera m'midzi yozungulira Vwaza ndi Nkhotakota: alimi, abusa a ng'ombe, asodzi, ofula njuchi, ndi ogwira ntchito m'nkhalangomo.

ZIMENE MLIMI ANGACHITE YEKHA

Palibe katemera wa kaodzera, ndiponso palibe mankhwala omwa kuti munthu asaitenge nthendayi. Chotero chitetezo choyamba ndicho kuchepetsa kulumidwa, ndipo izi ziri m'manja mwa mlimi mwini.

Choyamba ndicho chovala. Maso a kashembe amakopeka kwambiri ndi mtundu wa buluu ndi wakuda. Tsoka lake ndi lakuti ovolosi yambiri yogwirira ntchito imene iri m'misika ndi ya buluu, ndipo abambo ambiri amaisankha popeza siionetsa litsiro. Wopita kumunda wa pafupi ndi nkhalango avale za mtundu wa khaki kapena wofanana ndi udzu wouma, malaya a manja aatali ndi buluku lofika m'mapazi, za nsalu yokhuthala ndithu. Inde, n'zotentha kulima chotero mwezi wa Novembala, ndipo tidziwa kuti ambiri amakonda kuvula malaya thukuta likachuluka. Koma msana wosavala ndiwo mphasa ya kashembe. Amayi nawonso asankhe chitenje chosada, ndipo wobereka mwana amfunditse bwino mutu ndi miyendo, pakuti kashembe amakonda kutera kumbuyo kumene maso saona. Olima awiriawiri azionana kumsana.

Chachiwiri ndicho popumira. Popeza kashembe amaluma kwambiri nthawi yomwe mlimi amalima, sitingauze munthu kuti asinthe nthawi ya khasu. Koma masana, pofuna kupuma ndi kumwa thobwa, asalowe m'chiyangoyango kapena m'mitengo yothithikana ya m'mbali mwa mtsinje, pakuti kumeneko ndiko mdani wabisala. Ndi bwino kumanga kamsasa pakati pa munda, poyera, kutali ndi tchire, ndi kulambula zitsamba m'mbali mwa njira zopita kudambo ndi kuchitsime.

Chachitatu ndicho utsi. Makolo athu anali kusonkha moto pafupi ndi khola ndi pogwirira ntchito, ndipo akatswiri a ku Zimbabwe atayesa nzeru imeneyi anapeza kuti utsi wa nkhuni za tsanya ndi wa ndowe youma umachepetsadi akashembe ofika pamalopo. Kamoto kofuka pafupi ndi msasa ndi kothandiza, malinga kayang'aniridwe ndi kuzimitsidwa poweruka, kuti kangatenthe tchire. Kunena za mafuta odzola othamangitsa tizirombo amene amagulitsidwa m'masitolo, iwo amathandiza pa udzudzu, koma pa kashembe mphamvu yake ndi yochepa, ndipo munthu asaike mtima wake wonse pamenepo.

Chachinayi ndicho ulendo wobwerera kumudzi. Kashembe amatsata chinthu choyenda: njinga, ngolo, njinga yamoto, galimoto, ngakhale munthu wosenza mtolo wa nkhuni kapena udzu. Amatera pa katundu ndi pamsana, nayenda ulendo wautali osalipira, mpaka kukatsikira pakhonde pamene ana akusewera. Chimene zipata za kale zija zinali kuchita, munthu aliyense angachichite yekha: aime asanalowe m'mudzi, akutumule zovala ndi katundu, naphe akashembe amene awaone.

Chachisanu ndicho ziweto. Ng'ombe zimakopa kashembe ndi fungo la mpweya ndi mkodzo wake, zimadwala nthenda yake, kuonda ndi kutaya bere, ndiponso zingathe kusunga tizirombo todwalitsa anthu. Kashembe amaziluma makamaka m'miyendo ndi kumimba. Mwini ng'ombe akazipopera mankhwala oyenera m'malo amenewa, motsata malangizo a alangizi a ziweto, ng'ombe iriyonse imasanduka msampha woyenda wokha, pakuti kashembe woterapo amafa. Anyamata obusa ng'ombe auzidwenso kuti asazilowetse m'nkhalango.

Tisaiwalenso amene amagona kumunda kulondera chimanga kuti njovu ndi nguluwe zingawononge. Dzuwa likalowa kashembe amaweruka, udzudzu nuyamba ntchito. Neti yonyikidwa m'mankhwala iyenera kupachikidwa mumsasa monga momwe imapachikidwira m'nyumba.

NSALU ZA BULUU NDI ZAKUDA

Oyenda m'mphepete mwa nkhalango zathu anaonapo nsalu za buluu ndi zakuda zopachikidwa pa mitengo kapena pa zitsulo. Nzeru imeneyi inakula ku Rekomitjie, m'chigwa cha Zambezi ku Zimbabwe, m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, kumene Glyn Vale ndi anzake anaphunzira zimene kashembe amakonda ndi zimene amadana nazo. Mtundu wa buluu umamuitana ali patali, wakuda umamchititsa kutera, ndipo mankhwala amene anapakidwa pansalupo amamupha. Kawirikawiri pambali pake amaikapo kabotolo ka fungo lofanana ndi la ng'ombe.

Tsono apa ndi pamene kaberekedwe kaja kagwira ntchito. Popeza kashembe amaswana pang'onopang'ono, akatswiri anawerengera kuti kungopha aakazi 3 kapena 4 mwa 100 alionse tsiku ndi tsiku n'kokwanira kuti mtundu wake uyambe kutha m'deralo, ndipo nsalu zinayi zokha zingathe kusamala malo a kilomita imodzi m'litali ndi imodzi m'lifupi. Njira imeneyi ndi yotsika mtengo ndiponso siwononga nyama ndi mitengo.

Koma nsalu ziri ndi adani awiri, ndiwo moto wolusa ndi dzanja la munthu. Pali ena amene amazichotsa kuti akasoke chovala kapena katani, ndi ena amene amazula zitsulo zake. Wochita zotere wabera mudzi wonse, ndiponso wadzibera yekha, popeza wavala nsalu ya mankhwala, ya mtundu womwewo umene kashembe amaufuna. Apa mafumu athu ali ndi udindo waukulu. Mfumu imene yauza anthu ake tanthauzo la nsaluzi, nisankha anthu olambula udzu pozungulira pake nyengo ya moto isanafike, yateteza anthu ochuluka koposa amene dotolo angawachize. Mutu umodzi susenza denga: Boma ndi mabungwe oyang'anira nkhalango angapachike nsalu, koma ozisunga ndi eni mudzi.

MALUNGO OSAMVA MANKHWALA

Ngakhale munthu asamale chotani, wolima pafupi ndi nkhalango adzalumidwabe tsiku lina. Chotero mbali yaikulu koposa ya nkhani ino ndiyo kudziwa chochita thupi likayamba kutentha.

Kaodzera wa kuno kwathu ndi wachangu. Kumadzulo ndi pakati pa Africa kuli mtundu wina umene umatha zaka munthu akudwala pang'onopang'ono; koma wathuyu, wopanda mankhwala, amapha m'masabata kapena m'miyezi yochepa. Mwa anthu ena, patapita masiku angapo chilumidwire, pamalo polumidwapo pamatuluka chotupa chowawa chonga chithupsa. Kenaka, pakati pa sabata imodzi ndi masabata atatu, thupi limatentha, mutu umawawa, m'mfundo mumaphwanya, ndipo ena amatuluka mwanabere. Aliyense aona kuti izi n'zofanana ndi malungo, ndipo pamenepa ndi pamene miyoyo yambiri imatayikira. Wodwala amagula mankhwala a malungo, namwa, nadikira. Osaona kusintha, nagulanso ena. M'menemo tizirombo tikulowa mu ubongo. Tikafika kumeneko munthu amaodzera masana nakhala maso usiku, amayankhula zosalongosoka, amakwiya popanda chifukwa, amadzandira poyenda, ndipo ena amakomoka. Abale poona izi amati walodzedwa kapena wapenga, napita naye kwa sing'anga, masiku otsala aja nathera kumeneko.

Lamulo lake ndi lapafupi, ndipo tipempha awerengi athu aliuze kwa anzawo osatha kuwerenga. Munthu wokhala kapena wogwira ntchito kumene kuli kashembe, akatentha thupi ndipo poyeza malungo sanapezeke, kapena wamwa mankhwala a malungo masiku atatu osapeza bwino, apite kuchipatala msanga, ndipo anene ndi pakamwa pake kuti, “Ndimalumidwa ndi kashembe.” Kachipangizo koyezera malungo ka pachala kaja sikaonetsa kaodzera, pafunika kuti magazi aonedwe pa makina okuza zinthu otchedwa maikulosikopu, ndipo dotolo amafulumira kutero akauzidwa kumene wodwala wachokera. Ngakhale malungo atapezeka, munthu angathe kukhala ndi nthenda ziwirizi nthawi imodzi.

Pali chinthu china chimene tiyenera kuchinena poyera. Ena mwa odwala amakhala kuti analowa m'nkhalango popanda chilolezo, kukafula njuchi, kukawedza, kukatema nsungwi kapena kukatchera misampha, ndipo amaopa kuti akanena zoona kuchipatala agwidwa. Tsamba lino silivomereza kuswa malamulo oteteza nkhalango; komabe chipatala si bwalo la milandu, ndipo chimene dotolo afuna kudziwa ndicho chakuti wodwala anakumana ndi kashembe. Akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna.

MANKHWALA ATSOPANO

Kale anthu anali ndi chifukwa choopera chithandizo cha kaodzera. Wopezeka msanga anali kulandira jakisoni wa suramin, mankhwala amene anayamba kugwira ntchito cha m'ma 1920. Koma amene tizirombo tafika kale mu ubongo, zimene anali kuzidziwa potenga madzi a mumsana, anali kubayidwa melarsoprol, mankhwala a m'chaka cha 1949 opangidwa ndi poizoni wotchedwa arsenic. Jakisoni ameneyu ndi wowawa, ndipo pafupifupi wodwala mmodzi mwa 20 anali kufa ndi mankhwalawo. Madotolo anali kumperekabe popeza panalibe china, ndipo kusiya wodwala chomwecho kunali imfa yosakayikitsa.

Zinthu zinasintha, ndipo dziko lathu linatengapo mbali yaikulu. Kuyambira mu 2019 bungwe la DNDi, pamodzi ndi madotolo athu, linayesa mapiritsi otchedwa fexinidazole pa chipatala cha boma cha Rumphi ndi pa chipatala cha Lwala ku Uganda. Odwala 45, ambiri a iwo Amalawi, analandira mankhwalawa, ndipo pafupifupi onse anachira. Mu Disembala 2023 bungwe loona za mankhwala la ku Ulaya linawavomereza, ndipo mu 2024 bungwe la zaumoyo la dziko lonse, WHO, linalangiza kuti akhale mankhwala oyamba pa kaodzera wa mtundu wathu. Wodwala amamwa mapiritsi kamodzi pa tsiku kwa masiku 10, atadya chakudya chokwanira, achipatala akumuyang'anira, ndipo pambuyo pake amabwerera kukaonedwanso pa nthawi imene auzidwa. Ana osakwana zaka 6 kapena olemera osafika makilogalamu 20, ndi odwala amene afooka kwakuti sangathe kumeza, ndiwo amafunabe jakisoni. Mankhwala onsewa amaperekedwa ulere kudzera ku WHO.

Apa pali phunziro loonekeratu. Mapiritsi amathandiza munthu amene angathe kudya ndi kumeza; wofika kuchipatala ali chikomokere wataya mwayi umene anzake a ku Rumphi anauvutikira. Kufulumira ndiko kumasiyanitsa masiku 10 a mapiritsi ndi jakisoni wakale uja.

Maiko a dziko lapansi anapangana kuti pofika chaka cha 2030 kaodzera wa mtundu umenewu asakhalenso vuto lalikulu pa umoyo wa anthu. Rwanda inafikapo mu 2022, ndipo Kenya inatsatira mu 2025. Nkhalango zathu sizidzachoka, ndipo sitifuna kuti zichoke, pakuti ndizo zimasunga mitsinje ndi kukopa alendo odzaona nyama. Minda yathunso sidzachoka. Chotero kashembe ndi mlimi adzakhalabe oyandikana zaka zambiri. Tipempha mafumu, aphunzitsi, atsogoleri a mipingo ndi alangizi a zaumoyo a m'madera amenewa kuti nkhani iyi aikambe pa misonkhano yawo nyengo ya kulima isanafike pachimake: chovala cha khaki m'malo mwa cha buluu, kupumira poyera, kukutumula katundu polowa m'mudzi, kusunga nsalu zopachikidwa, ndi kuthamangira kuchipatala ndi malungo alionse osamva mankhwala.